Mayina a Kumapeto kwa Buku la a Yotamu

Ndinadzuka tambala wachiwiri asanalire, khosi litauma chifukwa chogona chotsamira chipupa. Nyimbo za usiku zinali zitatha mphamvu. Mwa amayi onse amene tinachezera m'nyumba ya siwa, atatu okha ndiwo ankang'ung'udzabe, ndipo panja abambo anali atadzikulunga m'mabulangete mozungulira chitsa chofuka utsi. Unali mwezi wa Juni, chisanu cha ku Mzimba chija cholowa mpaka m'mafupa. Ndinabereka mwana wanga Lusungu, ndinatenga mtsuko, n'kutsikira kudambo.

Amene tinkawalira anali alamu anga, a Yotamu, akulu awo a amuna anga. Ine kwathu ndi ku Kasungu. Ndinabwera kuno kumwera kwa Mzimba ng'ombe za malowolo zitapita kwathu, ndipo Naphiri anasanduka Nyaphiri. Amuna anga anakwera lole yopita ku Halale ine ndili ndi pakati, ndipo mpaka tsiku la maliroli kalata inali isanabwere ngakhale imodzi. M'mudzi monse, munthu amene ankandiyankhula ngati munthu, osati ngati ng'ombe zoyenda ndi miyendo iwiri, anali a Yotamu.

Ntchito yawo inali ya utoto. Anaphunzira kumishoni ku Embangweni, ndipo aphunzitsi ankafuna kuti adzakhale mphunzitsi, koma iwo sileti yawo inkadzaza ndi zithunzi m'malo mwa masamu. Atakula anapita kuboma ku Mzimba. Zikwangwani za masitolo a Amwenye ankalemba ndi iwo, manambala ndi mayina a pa zitseko za malole ankalembanso ndi iwo. Akabwera kumudzi ankajambula pa zipupa za nyumba yawo ndi katondo, makala ndi njereza, ndipo wopera zinthu zimenezi pamwala ndinali ine. Koma chimene ankachikonda kuposa zonse chinali buku lalikulu la chikuto chakuda. M'menemo ankalemba za magalimoto m'chinenero chathu: mmene galimoto imamwera madzi, chifukwa chimene imatsokomolera pachitunda, chochita ikatitimira pamchenga wa mtsinje. Ankafunsa madalaivala, ankagwada n'kusuzumira kunsi pamene ena akukonza. Ankati tsiku lina bukulo lidzasindikizidwa, kuti munthu wakuda asamangokankha galimoto, azidziwanso chimene chili m'mimba mwake. Makalata awo awiri anatulukapo m'nyuzipepala ya mishoni, koma kumudzi palibe anawawerenga kupatula ine.

Kudambo ndinapeza amayi asanu atafika kale. Madzi ankaluma zala. Mmodzi wa iwo, mayi wamtali wa mudzi wa kutsidya amene mawu ake amamveka patali, anatula mtsuko wake n'kunena kuti, "Kalembera wapita. Mbwenu amuna athu otsalawa apume." Anzakewo anaseka chotseka pakamwa ndi nsalu. Anandiona, koma sanaleke. Mkamwana wochokera ku Kasungu ndani angamuchitire manyazi?

Dzina la Kalembera linabwera chonchi. Lole ikaima pamsewu kutenga amuna opita kukagwira ntchito ku Halale kapena ku Joni, a Yotamu ankapita pomwepo ndi buku lawo. Ankalemba nambala ya loleyo, tsiku, ndi dzina la munthu aliyense amene wakwera. Ankati munthu asachoke ngati mbuzi yosochera, pazikhala polembedwa kuti anapita ndi iti, analowera kuti. Koma ambiri mwa amunawo anasanduka matchona, osabwerera, osalemba kalata, ndipo amayi anayamba kunena kuti amene walembedwa ndi Kalembera sabwera. Ena ankalavula akawaona. Ena ankabisa ana awo aamuna kuseri kwa nkhokwe. Iwo ankangoseka n'kumati, "Alamu, cholembera chakhala mfiti tsopano."

Dzuwa likutuluka tinali titasonkha moto pa mafuwa asanu ndi limodzi kuseri kwa khola. Nkhuni zinali za mitengo yaiwisi, utsi unkatilowa m'maso, moti wobwera akanaganiza kuti tonse tikulira. Ena ankasankha nyemba, ena ankasadzula nkhuku zimene zinabwera ndi achibale. Ine anandipatsa ntchito yotunga madzi ndi kutsuka mbale, monga mwa masiku onse. Ndinapita kudambo kasanu ndi kawiri mwana ali kumsana. Sindikudandaula. Ntchito imathandiza, manja akamagwira mutu umakhala chete.

Anthu anayamba kufika mthunzi ukadali wautali. Anachokera ku Edingeni, ku Engutwini, ena kumalire ndi Kasungu. Ankafika m'mizere, abambo patsogolo ndi ndodo, amayi pambuyo ndi timadengu ta ufa, n'kuyamba kulira akafika pa mtengo wa msuku umene uli polowera m'mudzi. Ndinazizwa ndi kuchuluka kwawo. Munthu amene ankadya yekha pakhonde, lero bwalo lonse linadzaza mpaka m'munda wa fodya. Kunabwera aphunzitsi awiri ovala majekete, mvangeli, ndi wantchito wa m'sitolo ya Mmwenye atatenga nsalu yoyera imene abwana ake anatumiza. Kuchokera kwa mzungu mwini malole a kuboma sikunabwere munthu, sikunabwere mawu.

Ndiyenera kunena za mzungu ameneyu, chifukwa ndi mmene alamu anga anafera. Chifuwa chinawagwira ali kuboma, anayamba kulavula magazi. Abale anapita kukapempha kuti lole imene imapita kumwera iwatengeko n'kukawatsitsa pafupi ndi chipatala cha ku Embangweni. Malole a mzunguyo onse atatu dzina lake analemba ndi a Yotamu, chilembo ndi chilembo, atagwada pafumbi. Mzunguyo anayankha kuti lole ndi ya fodya, si ya odwala. Ndiye anawanyamula pa machira, amuna anayi kusinthana. Tsiku lachiwiri, atatsala pang'ono kufika, anapempha madzi pamtsinje, n'kutsirizikira pomwepo. Munthu amene anadzaza buku ndi nkhani za magalimoto anafera pa nsalu yomangirira ku nsungwi.

Bokosi anakhoma m'mawa womwewo. Matabwa abwino kunalibe, choncho kalipentala anaphwasula mabokosi amene mumabwera zitini za petulo, amene a Yotamu ankasungiramo zinthu zawo. Anayesetsa kutembenuzira zilembo za Chingelezi mkati, koma thabwa limodzi la pamwamba linakana, zilembo zofiira zinatsala kunja. Bambo wina amene ankagwirira misomali anati, "Pomaliza wapeza galimoto yake." Ena anamudzudzula, koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka.

Chapakati pa m'mawa ndinalowa m'nyumba ya malemu kukatenga mphasa, ndipo ndinapeza ankhazi, mlongo wa apongozi anga aamuna, akulonga zinthu m'lichero. Munali maburashi, timazitini ta utoto, jekete, chipewa, mwala wanga woperera uja, ndi buku lakuda pamwamba. Kuno munthu akamwalira wopanda mwana, zinthu zimene ankagwira tsiku ndi tsiku zimapita naye pansi, ndipo nyumba yake amadzaigwetsa. Akazi a a Yotamu anabwerera kwawo kalekale, mwana sanasiye. Izi ndinkazidziwa, koma sindinaganize kuti buku nalonso ndi chinthu ngati khasu.

Ulendo womaliza umene a Yotamu anapita kuboma, asananyamuke anandiitana pakhonde. Anamuika Lusungu pamwendo, n'kumugwiritsa bukulo. "Alamu, ili ndi la mayi uyu," anatero. "Mudzamusungire. Adzayendetsa lole ameneyu, inu mudzakhala kutsogolo." Ine ndinaseka, ndinati mwana wamkazi ndi lole wapi ndi wapi. Koma ndinavomera. Palibe wina anamva.

Ndinagwada pafupi ndi khomo n'kuwauza ankhazi zimenezi motsitsa mawu. Sanakwiye. Anapitiriza kupinda jekete. "Nyaphiri, mwana wanga," anatero, "ukufuna usunge chinthu chimene mudzi wonse ukuchiopa? Ukadzadwala adzakuzonda ndani? Iwe ndiwe mkamwana. Tenga mphasa uzipita." Ndinatenga mphasa n'kutuluka.

Mwambo wa mapemphero unachitikira pabwalo. Mphepo ya mwera inali itayamba, inkaulutsa mapesi ndi phulusa la m'mafuwa. Mvangeli analalika za munthu wobadwa ndi mkazi, kuti masiku ake ndi owerengeka. Mmodzi wa aphunzitsi aja anati malemu anali ndi dzanja labwino koma sanalipereke ku ntchito yoyenera. Za buku palibe anatchula. Ine maso anga anali pa lichero, limene ankhazi analivundikira ndi nsanza n'kuliika pafupi ndi mapazi awo.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Manda a mudzi wathu ali kutsidya kwa msewu waukulu wochokera ku Kasungu kupita kuboma. Patsogolo panali mvangeli, kenako bokosi pa mapewa a adzukulu, kenako abambo, ife amayi pambuyo tikuyimba. Bokosi litangofika pakati pa msewu tinamva kulira kwa injini kuchokera kumpoto. Ndinaizindikira isanaoneke, chifukwa alamu anga anandiphunzitsa kuti ina mwa malole atatu aja imalira ngati ng'ombe yachimfine. Inatulukira kuseri kwa phiri itadzaza mitolo ya fodya, hutala ikulira. Sinachepetse liwiro. Adzukulu anathamanga chobwerera m'mbuyo, bokosi likupendekeka, n'kukaima m'udzu. Nyimbo inaduka. Dalaivala, munthu wakuda mnzathu, anakweza dzanja kuti avule chipewa, koma mzungu anali pambali pake, dzanjalo linangokanda khutu n'kubwerera. Pachitseko panali zilembo zoyera zokhala ndi mthunzi wachikasu, zoongoka bwino, ntchito ya munthu amene anali m'bokosiyo. Fumbi linatikuta tonse. Tinaima tikutsokomola mpaka litatsika, kenako tinawoloka.

Kumanda abambo anazungulira dzenje, ife tinakhala pansi chapatali pang'ono, monga mwa mwambo. Mkazi sayankhula pamanda, makamaka mkamwana. Anatsitsa bokosi. Kenako ankhazi anapereka lichero kwa abambo aang'ono a malemu, nkhalamba yofatsa imene maso ake anali atafiira ndi kusagona, ndipo iwo anayamba kupereka zinthu chimodzichimodzi kwa mdzukulu amene anali m'dzenje. Chipewa chinapita. Jekete inapita. Maburashi anapita. Ndinaona chikuto chakuda chikuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina, mpaka chinazimirira.

Pambali panga panakhala mayi wamtali wa kudambo uja. Sindinakonzekere zimene ndinachita. Ndinangoweramira kwa iye ngati ndikukonza nsalu ya mwana, n'kumunong'oneza kuti, "Amama, dzina la amuna anu lili m'bukumo. Akuwakwirira limodzi ndi maliro."

Anandiyang'ana. Kenako anaimirira, nsalu ikugwa paphewa.

"Yayi! Mfumu wane ngwamoyo!" anakuwa m'Chitumbuka, kunena kuti mwamuna wake ali moyo. "Musamuike m'manda mwamuna wanga! Tulutsani buku limenelo!"

Mawuwo anayenda mwa amayi ngati moto wa lupsa. Uyu anakumbukira mwamuna wake, uyo mwana wake, winayo mlongo wake. Kulira kunasintha. M'mawa monse ankalira mwaulemu, kulira kwa pamaliro a eni. Tsopano analira zenizeni. Anaimirira onse n'kusendera kudzenje, abambo akuwatsekereza ndi ndodo, mvangeli akukweza manja. Wina anati dzina la munthu wamoyo likagona pansi ndi wakufa, mwini wake satha chaka. Mvangeli anati zimenezo ndi zachikunja, koma mawu ake sanali olimba, chifukwa mng'ono wake nayenso anakwera lole.

Nkhalamba ija inawerama n'kuuza mdzukulu kuti abweze bukulo. Linatuluka lili ndi dothi pachikuto. Analipukuta ndi dzanja, n'kufunsa kuti wayambitsa nkhaniyi ndani. Amayi onse anatembenukira kwa ine. Ndinayenda chogwada mpaka pamene anandilozera, mwana akulira kumsana. Mumtima ndinkati, ndapambana. Buku lokhala ndi mayina a amoyo silingapite pansi, ndipo palibe amene angafune kulisunga m'nyumba mwake. Adzandiponyera ine.

"Nyaphiri," inatero nkhalambayo mofatsa, "iwe umawerenga, ndipo bukuli ukulidziwa. Mayinawo ali paliponse m'menemu?"

"Ali kumapeto kokha, adada," ndinayankha. "Masamba omalizirawo."

Mawuwo atangotuluka ndinadziwa chimene ndachita. Kusukulu anatiphunzitsa kuti wamkulu akafunsa uyankhe msanga ndiponso molondola, ndipo ine ndinali mwana woyankha bwino. Ndikanangoti ali paliponse, ndani akanatsegula tsamba ndi tsamba pamphepo imeneyo, dzenje likudikira? Nkhalambayo sinkawerenga. Mvangeli ankafuna kuti zithe. Liwu limodzi lokha, ndipo bukulo likanagona m'nyumba mwanga.

"Yewo, mwana wanga," inatero nkhalambayo. "Watithandiza chomene."

Anapereka bukulo kwa mvangeli pamodzi ndi mpeni. Iye analitsegula chakumapeto, n'kudula masamba a mayina motsatira ulusi. Kenako, popeza tsamba limodzi linali ndi anthu a midzi yosiyana, anayamba kulicheka m'timizere, dzina lililonse kachidutswa kake. Ankawerenga mokweza, mkazi kapena m'bale wa mwini dzinalo n'kubwera kudzalandira ndi manja awiri. Zinatenga nthawi yaitali. Ena anapsompsona kapepalako. Ena anakamanga pamfundo ya nsalu. Mayi wamtali uja anakaika pachifuwa, n'kumakasisita ngati khanda. Anthu omwe ankalavula poona cholembera cha a Yotamu tsopano ankakankhana kuti alandire zimene chinalemba, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anacheukira kudzenje kunena kuti zikomo. Dzina la amuna anga linatchulidwa chakumapeto. Ndinalandira.

Chotsala cha bukulo, masamba onse a madzi ndi mafuta ndi zitunda ndi mchenga, zaka zonse zogwada kunsi kwa malole a eni, nkhalambayo inatseka bwinobwino n'kubwezera kwa mdzukulu. Ndinatsegula pakamwa, koma ankhazi anandigwira paphewa, osati mwankhanza, kungotsindika. Makasu anayamba. Dothi loyamba linagwera pa zilembo zofiira za petulo zija.

Pobwerera anthu ankacheza momasuka. Anasamba m'manja polowera m'mudzi, anadya, ndipo a kutali anayamba kutsazika kuti kusawadere. Ine ndinabwerera ku mbale zanga. Mayi wamtali uja anandipeza pamenepo n'kundithira mtedza wodzaza manja awiri pansalu. Anati ndine mwana wanzeru, ndapulumutsa amuna a midzi isanu. Ndinati yewo. Mtedzawo ndinawapatsa ana a eni.

Dzuwa litalowa mudzi unakhala zii. Mphepo inaleka. Kunatsala fungo la utsi ndi agalu akunyambita pa mafuwa. Achibale otsala anasonkhana kunyumba ya nkhalamba ija, ndipo ine ananditumiza kukatseka chitseko cha nyumba ya malemu. Ndinalowa kaye. Munalibe kanthu, mphasa anachotsa, pansi anasesa. Kuwala kotsala kunkalowa pakhomo n'kugwera pachipupa cha kum'mawa, pamene anajambulapo lole yaikulu yofiira. Kumbuyo kwake kulibe fodya, kuli anthu a m'mudzi muno, aliyense wodziwika ndi nkhope yake, ngakhale amene ankawanyoza. Woyendetsa ndi kamtsikana, ndipo pambali pake pakhala mayi wa duku loyera. Katondo wa loleyo ndinapera ndine. Nyumbayo akuti aigwetsa likatha sabata.

Ndinamutsitsa Lusungu. Anayenda chodzandira mpaka pachipupa, n'kuika dzanja pa tayala, monga ankachitira atate ake aakulu ali moyo. Ine ndinakhala pakhomo n'kumasula mfundo ya nsalu. Kapepalako n'kotalika ngati chala changa chapakati. Mbali imodzi kuli dzina la amuna anga ndi nambala ya lole imene inawatenga. Alamu anga sankasiya malo oyera papepala, choncho ndinakatembenuza. Kuseriko kuli mzere umodzi wa dzanja lawo, mpeni unaudula uku ndi uku: "ikakana kudzuka m'mawa wozizira usaimenye, yamba wa"

Ndinawerenga mpaka mdima unandilanda zilembo. Mwana wanga akadzakula n'kundifunsa kuti ayambe watani, ndidzamuuza kuti yankho lili kutsidya kwa msewu, ndipo analiika kumeneko ndi amayi ake, poyankha bwino funso la wamkulu. Ndinabereka mwana, n'kukoka chitseko.